Wa matikiti amatipeza tsiku ndi tsiku, nanga katemera akusochera pati?

 Sabata ino mpata wandigwera ine wa ku Rumphi. Geni yanga ndi ya tomato, anyezi ndi nyemba, sukulu ndinalekezera Fomu 4, ndipo pabenchi timacheza m'Chitumbuka, ndiye Chichewa chikapindika penapake muwongole nokha. Nkhani yomwe ndabwera nayo ndi ya katemera wa Covid-19, ndipo ndabwera nditakwiya.

Chilengezereni a unduna wa zaumoyo mu December 2021 kuti mtundu watsopano wa kachirombo, uja akuutcha Omicron, wapezeka m'dziko muno, nyimbo yakale ija yayambiranso. Eti anthu akumudzi ndi mbuli. Eti mavenda ndi osamva. Eti azimayi a mumsika tikuthawa jakisoni, ndiye ndife tikuchedwetsa dziko. Ndaimva m'mapologalamu oimba foni pa wailesi, ndaiwerenga pa Facebook, ndipo oimba ake ambiri ndi anthu a sukulu, a malipiro a pamwezi, ena mwa iwo muli momwe muno. Lero mundimvere inenso. Ine ndikuti ambiri a ife sitinakane katemera. Katemerayo ndi amene sanatipeze, ndipo amene anayenera kumubweretsa aona kuti kutinyoza n'kotchipa kusiyana ndi kuthira mafuta m'galimoto.

Wina asandiponye m'gulu la okana ayi. Ndinabayitsa kawiri, wa AstraZeneca, chiphaso ndili nacho m'chikwama momwe mumakhala ndalama za geni. Tsiku lomwe adzati bwerani mudzalandire wachitatu ndidzapinda mkono wa bulauzi popanda wondinyengerera. Mkangano wanga ndi inu uli pa funso loti wolakwa ndani pamene anthu ambiri chonchi sanabayitse.

Inu amene mukuti timaopa jakisoni, munayamba mwafikako kusikelo? Amakhala pamzere paja ndi ndani, mwana kumsana, kabuku m'manja? Si ife tomwe? Mwana akangobadwa, BCG pamkono. Pa masabata 6, 10 ndi 14, jakisoni pantchafu. Pa miyezi 9 wa chikuku, pa miyezi 15 kubwerezanso. Ifeyo tikakhala oyembekezera timabayidwa wa kafumbata, osati kamodzi. Mu April 2019 Malawi linakhala dziko loyamba pa dziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, m'maboma osankhidwa monga Karonga ndi Nkhata Bay, ndipo amene anapita ndi ana awo ku katemera wachilendoyo anali azimayi a chitenje ndi patapata ngati ine. Ndiye mayi yemweyo lero wasanduka mbuli?

Sikelo imayenda chifukwa imabwera. Tsiku lake limadziwika mwezi ndi mwezi. Mlangizi wa zaumoyo timamudziwa ndi dzina lomwe, amafika panjinga ndi kabokosi kake kozizira, amakhala pansi pa mtengo kapena pakhonde la tchalitchi, amayankhula chiyankhulo chathu, ndipo ukajomba amakufunsa mukakumana kumjigo. Palibe chinsinsi china pamenepa.

Ambiri a inu Rumphi mumangomuona pawindo la basi, mukamadutsa pa Phwezi kutsetserekera ku Chiweta. Bomali lili ndi anthu oposa 229,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo anamwazikana m'mapiri ndi m'zigwa. Kuli Hewe kumalire ndi Zambia, komwe msewu wake wafumbi dzinja lino umasanduka phala. Kuli mapiri a ku Phoka, Ntchenachena ndi Mphompha. Kuli Tcharo m'mphepete mwa nyanja, komwe njira yodalirika ndi boti kapena mapazi ako. Wailesi ikamati pitani kuchipatala chomwe muli nacho pafupi, kwa gogo wa kumeneko mawu oti pafupi akutanthauza kudzuka tambala woyamba, kukwera phiri, kapena kulipira njinga yamoto ndalama yomwe akanagulira mchere ndi sopo wa mwezi wonse. Akafika n'kumuuza kuti lero kulibe, kapena kuti botolo sititsegulira munthu mmodzi, dikirani anzanu achuluke, mukuganiza kuti mawa abwereranso?

Ngakhale ife a pa Boma ndi pa Bolero, amene chipatala timachiona ndi maso, tsiku limodzi lili ndi mtengo wake. Tomato sadikira munthu. Ukachoka pabenchi m'mawa wonse, kasitomala wako wagula kwa mnzako, ndipo mawa adzapitanso komweko.

Koma taonani izi. Wodula matikiti a msika sanayambe walepherapo kundipeza. Mvula igwe, dzuwa liswe mtengo, ndagulitsa kaya sindinagulitse, iye amafika ndi kabuku kake. Nthawi yolembetsa mavoti makina ojambulira anafika mpaka kuseri kwa mapiri. Ogula fodya ndi soya amadziwa khomo lililonse. Akafuna kanthu kwa ife, njira amaidziwa bwinobwino. Akakhala ndi kanthu koti atipatse, njira ija imasowa, n'kuyamba kunena kuti anthu ake ndi ovuta.

Tiyeni tikumbutsane mmene katemerayu wayendera, chifukwa Amalawi timaiwala msanga. Woyamba anafika pa 5 March 2021, wokwana 360,000, kudzera ku COVAX, m'dziko la anthu oposa 18 miliyoni. Pa 11 March a Pulezidenti Lazarus Chakwera anabayitsa ku Zomba, achiwiri awo a Saulos Chilima ku Mzuzu. Pa 19 May nduna ya zaumoyo, mayi Khumbize Kandodo Chiponda, inatsogolera kuwotcha katemera 19,610 yemwe anatha mphamvu, ku Kamuzu Central Hospital. Chithunzi cha utsi uja ndi chimene onyoza amakonda kutionetsa: taonani, munakana mpaka anawotcha. Koma samanena kuti katemera 102,000 wochokera ku African Union anafika pa 26 March, tsiku lake lotha mphamvu lili 13 April. Masabata atatu osakwana. Ndipo m'masiku ochepawo pafupifupi 80 pa 100 aliyense analowa m'mikono ya anthu. Ine ndikaoda tomato wakupsa kale Lachinayi, wina n'kuola pofika Lamlungu, sindingatukwane makasitomala. Vuto lili pa amene anandigulitsa mochedwa.

Kenako mu June katemera anatheratu m'dziko muno, nthawi yomwe ife a mu March ndi April timayenera kulandira wachiwiri. Anthu anayenda maulendo, kubwerera chimanjamanja, mpaka wina atafika chakumapeto kwa July. Funde lachitatu linatipeza tili pamzere wodikira. Pamenepo anakana mnzake ndani?

Umboni wina ndi uwu. Kumapeto kwa 2021 boma ndi UNICEF anayambitsa galimoto zoyenda ndi katemera ndi zimkuzamawu m'midzi ndi m'malo a malonda, zija amati Vaccine Express, ndipo chiwerengero cha obayitsa chinakwera. Anthu ake ndi omwe aja ankatchedwa okana. Chinasintha ndi mtunda basi.

Sindikunena kuti okana kulibe. Alipo, ena ndimakhala nawo mzere umodzi. Koma funsani kuti mantha awo anachokera kuti. Nkhani za 666, za kuuma kwa chiberekero, za kufa pakatha zaka ziwiri, za ndalama yachitsulo yomata pamkono, zinabwera m'mavidiyo a Chingerezi odya bandulo. Gogo wa ku Hewe alibe WhatsApp. Anzanga ambiri pamsika mafoni awo ndi a mabatani. Amene anatsitsa mavidiyowo, kuwamasulira ndi kuwamwaza m'magulu a mpingo ndi a pabanja ndi anthu a mafoni akuluakulu, ovala mataye, amene mudzi umawakhulupirira chifukwa anapita kusukulu. Ena a iwo anakabayitsa mwakachetechete atamva kuti kuntchito kapena paulendo adzafuna chiphaso, koma sanabwerere kumudzi kukanena kuti zija ndinakutumizirani zinali zabodza. Munayatsa moto ndinu, lero mukuseka amene akutsokomola ndi utsi.

Kuno kumpoto tinali ndi vuto linanso. Anzathu okaoda katundu ku Kyela ndi ku Mbeya ankabwera ndi uthenga woti ku Tanzania kulibe korona, anthu akungopemphera ndi kufukiza, chifukwa mtsogoleri wawo John Magufuli ankanena zomwezo. Iye anamwalira mu March 2021, ndipo mayi Samia Suluhu Hassan amene analowa m'malo mwake anabayitsa poyera mu July. Uthenga woyamba unafika pamsika tsiku lomwelo ndi mabelo a zitenje. Wachiwiriwu panalibe amene anaunyamula.

Kenako kunabwera mawu atsopano akuti booster, kutanthauza katemera woonjezera. Anzanga akuti: mwaona, anati kawiri, pano akuti katatu, ndiye kuti woyamba uja anali madzi. Ine ndimawafunsa za chimanga. Alipo amene amathira feteleza wokulitsa, n'kumati Urea wobereketsa ndi umboni woti woyamba uja anali wabodza? Katemera amaphunzitsa thupi kuzindikira mdani, thupi n'kupanga asilikali. Pakapita miyezi asilikali oyendayenda m'magazi aja amachepa. Kuwonjezera apo, Omicron wabwera atasintha nkhope: paminga paja pomwe kachirombo kamagwirira thupi la munthu pasintha malo oposa 30. N'chifukwa chake munthu wobayitsa kawiri atha kudwalabe. Koma thupi silikhala litaiwala zonse, ndipo wobayitsa kawirikawiri safika pofuna mpweya wa m'silinda ngati wosabayitsa. Wachitatu amadzutsanso asilikali aja. Nkhani yake ndi yomweyi, yotheka kuifotokoza munthu akusankha anyezi. Ndi angati a inu ophunzira amene mwakhalapo pansi ndi azakhali anu n'kuwafotokozera chonchi m'chiyankhulo chawo?

Koma wobereketsa amathira m'munda momwe munalowa kale wokulitsa. Bungwe la WHO linkafuna kuti pofika kumapeto kwa 2021 dziko lililonse likhale litabaya anthu 40 pa 100 alionse. Ife tinatseka chaka tisanafike ngakhale 5 pa 100 omaliza katemera. Pomwe ife timadikira wachiwiri mu July, Israel inali ikuyamba wachitatu, ndipo mu January 2022 inayamba wachinayi kwa achikulire. Mu August 2021 mkulu wa WHO, Tedros Ghebreyesus, anapempha mayiko olemera kuti ayambe aima kaye ndi woonjezera mpaka osauka alandireko woyamba. Sanamumvere. Kenako akatswiri a ku South Africa atauza dziko za Omicron pa 24 November, malipiro a chilungamo chawo anali kutsekeredwa zitseko. Britain ndi America anaika Malawi pa mndandanda wa oletsedwa kulowa, boma lathu lisanalengeze ngakhale munthu mmodzi wa Omicron. A Chakwera anati kumeneko ndi kudana ndi Aafirika, ndipo tonse tinawomba m'manja.

Inenso ndinawomba. Koma abale anga, zimene London anachitira Lilongwe ndi zimene inu a m'tauni mukutichitira ife. Iwo anadzikundikira katemera, n'kutembenuka kunena kuti Aafirika ndiwo akubweretsa matenda. Inu muli ndi chipatala pakhomo, galimoto, intaneti ndi tchuthi cholipidwa, n'kutembenuka kunena kuti akumudzi ndiwo akukanika. Zikakuchitikirani inu mumati tsankho. Mukamachita inu mumati kuphunzitsa anthu.

Ndibwere pa kuyezetsa. Uthenga wa nthawi ya mliri unkati ukamva chimfine, mutu, kukhosi kukanda, kayezetse. Chabwino. Ndayezetsa, andipeza nako, kenako? Nthawi ya mliri ankauza munthu kuti akadzipatule kunyumba masiku 10 kapena kuposerapo. Wa muofesi akadzipatula amagona ndi laputopu pamiyendo, malipiro n'kulowa pa tsiku lake. Ine ndikadzipatula, pofika tsiku lachinayi tomato wa mpamba wonse waola. Banki m'khonde ikudikira Lachisanu. Ana akufuna fizi ya teremu ino. Chimanga chili pa nthawi ya Urea, thumba la AIP lomwe mu 2020 linali K4,495 linakwera kufika K7,500 mu 2021, ukalipeza. Nyumba ya zipinda ziwiri, anthu 6, kudzipatula kwake n'kuti? Ndiye mayi akamva thupi kuphwanya n'kumwa Panado, kumanga mpango kumutu, kubwera pabenchi, musati ndi umbuli. Wawerengera bwinobwino, ndipo masamu ake amuuza kuti kudziwa n'kodula kuposa kusadziwa. Masamu amenewo ndi oopsa kwa tonsefe, chifukwa mayiyo akutsokomolera ine ndi makasitomala, koma simungawasinthe ndi chipongwe.

Tikumbuke za Edzi. Anthu ankathawa kuyezetsa magazi pamene zotsatira zinali chiweruzo chabe. Ma ARV aulere atayamba mu 2004, oyeza n'kuyamba kufika m'midzi ndi m'misika ndi matenti awo, anthu anayamba kubwera okha, chifukwa kuseri kwa kuyezetsa kunali thandizo. Malungo timayezetsa osakakamizidwa, chifukwa kachipangizo kakaonetsa mizere iwiri umatuluka ndi LA m'manja. Kuseri kwa kuyezetsa korona kuli chiyani kwa munthu wa geni?

Musati ndalama kunalibe. Mu April 2020 boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21, mavenda anachita zionetsero ku Mzuzu ndi ku Blantyre, a HRDC anapita kukhoti, khoti n'kuimitsa m'bindikirowo, ndipo mfundo ya odandaula inali yoti sungatsekere osauka m'nyumba osawakonzera chakudya. Pambuyo pake kunabwera thandizo la K35,000 pamwezi kwa miyezi itatu, koma la m'mizinda inayi yokha: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Wogulitsa tomato ku Rumphi, ku Ntchisi, ku Neno, korona wake anali wa mtundu wina? Nanga K6.2 biliyoni ija? Kafukufuku wa boma lomwe anapeza kuti ndalama zambiri zinapita molakwika, zina m'maalawansi, anthu anamangidwa, nduna inachotsedwa mu April 2021. Ndalama zomwe zikanagula mafuta a njinga zamoto za alangizi ndi sopo wa pazipata za misika zinathera m'misonkhano yokambirana za umbuli wathu.

Tsopano nditembenukire kwa anzanga a pamsika, chifukwa ndikudziwa kuti ana anu akuwerengerani izi. Kulakwa kwa akuluakulu si mankhwala. Omicron akuti ambiri akumumva ngati chimfine, inde, koma amafala ngati moto wa lupsa, ndipo kunyumba kwanu kuli amayi a shuga, abambo a BP, mlamu amene anasiya kumwa ma ARV. Kwa iwowo si chimfine. Mu January 2021 tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, pa 12, anthu a galimoto ndi madokotala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mandimu, jinja ndi adyo ndimagulitsa, ndipo nthawi ija zinandipatsa ndalama ndithu. Imwani, zimafewetsa kukhosi. Fukizani bulugamu ngati mphuno zatseka. Koma palibe ndimu amene amaphunzitsa thupi kuzindikira kachirombo. Galimoto ya katemera ikaima pamsika, siyirani mnzanu benchi mphindi zochepa. Amene munabayitsa kamodzi wa AstraZeneca kapena Pfizer, kamalizeni. Mukamva kutentha thupi dzinja lino yezetsani malungo msanga, musangoti ndi Omicron, chifukwa malungo sadikira. Kupuma kukayamba kubanika musagone nako kunyumba. Ndipo masiki m'minibasi ndi m'nyumba ya maliro si ya apolisi, ndi ya agogo anu.

Pali chinanso chomwe tingachite tokha. Tili ndi chipereganyu, tili ndi thumba la maliro, timasonkha mnzathu akaferedwa. Bwanji osagwirizana kuti amene wapezeka ndi korona, oyandikana naye amugulitsire katundu, malo ake asalandidwe, ndipo banki m'khonde imudikire masabata awiri popanda chindapusa? Timasonkhera bokosi mosavuta. Tisonkherenso kuti munthu akhale kunyumba achire.

Kwa a zaumoyo ndi a makhonsolo m'dziko lonse, zopempha zanga sizofuna msonkhano wa kunyanja. Masiku a misika mumawadziwa, chifukwa ndi omwe mumatolera ndalama zambiri. Ikani tebulo la katemera pachipata tsiku la msika lililonse, anthu azolowere ngati sikelo, osati kubwera kamodzi ndi zimkuzamawu ndi ojambula, kenako zii miyezi itatu. Pa tebulo lomwelo pakhale zoyezera zachangu zija za mphindi 15. Wopezeka nako muzimupatsa kalata yoti asalipire tikiti ndipo malo ake asungidwe. Alangizi a zaumoyo apatseni mafuta ndi katemera wokwanira apite ku Tcharo, ku Hewe ndi ku Phoka pa tsiku lodziwika. Uthenga wa katemera woonjezera ubwere m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chisena, m'Chitonga, m'Kyangonde, ndipo unene zoona zonse, kuphatikizapo zoti mkono umapweteka ndipo ena thupi limatentha tsiku limodzi kapena awiri. Munthu ukamubisira zazing'ono amakukayikira pa zazikulu. Ndipo pamene mukukonza za wachitatu, muziwerenga kaye amene sanalandire woyamba, chifukwa ndiwo ambiri.

Kwa inu a m'gulu lino, amene mumadziwa kulemba bwino kuposa ine: musanalembenso mawu oti mbuli, yankhani mafunso awa mumtima. Amayi anu kumudzi anabayitsa? Ngati ayi, munawatumizira ya njinga yamoto kuti apite? Vidiyo ija munaitumiza ku gulu la pabanja chaka chatha, munabwerera kukaitsutsa? Bandulo yomwe mwathera potinyoza sabata ino ikanakwana kuimbira foni azakhali atatu.

Ife pamsika sitisowa. Timafika 6 koloko m'mawa, timaweruka dzuwa litalowa, Lolemba mpaka Loweruka, ena ndi Lamlungu lomwe. Wa matikiti akudziwa mzere wanga ndi benchi langa. Amene ali ndi katemera akamufunse njira.

Ndatha ine wanu wa tomato, ku Rumphi.